Galimoto za ku Area 10 zisatiphimbe m'maso

Pali uthenga womwe wakhala ukuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo wafika mpaka m'maminibasi opita ku City Centre. Akuti mabungwe othandiza ana osauka ndi bizinesi chabe: ndalama zimathera pa lendi ya nyumba za mipanda ku Area 10, pa ma Land Cruiser ndi pa maalawansi a misonkhano ya kunyanja. Akuti mabungwewa atati apakire mawa, mwana wa ku Kauma sangadziwe n'komwe kuti achoka.

Mkwiyowu uli ndi pogwira. Anthu a m'mudzi wa Chinkhota, kunja kwa Lilongwe, anasiya minda yawo kuti bungwe la Raising Malawi la woimba Madonna limangepo sukulu ya atsikana. Mu 2011 ntchitoyo inathetsedwa, ndalama zokwana madola 3.8 miliyoni zitapita, sukulu osaoneka. Nafenso timadabwa kuti nkhani ya njala ya ana izikakambidwa ku hotela ya ku Salima. Koma kunena kuti ntchito yonse ndi yachabe n'kunama, ndipo bodza lotere likamveka kwa opereka ndalama, wolira ndi mwana.

Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Yaikulu inali ntchito ya anamwino, alangizi a zaumoyo ndi amayi osadumphitsa sikelo, koma katemera, masikito ndi mankhwala ambiri amene ankagwiritsa ntchito anagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezi.

Taganizani za chiponde. Kale mwana wonyentchera ankagonekedwa m'chipatala masabata angapo, mayi ake ali pompo, kumunda kulibe munthu, ana ena kunyumba alibe owaphikira. Ambiri ankathawa mwana asanachire, ndipo sitingawadzudzule. Dr Mark Manary ndi anzake atayesa kuno ku Malawi chakudya cha mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, zinaoneka kuti mwana amachira ali pakhomo, mayi n'kumangopita naye kukapimitsa. Bungwe lake la Project Peanut Butter linayamba kupanga chiponde m'dziko mom'muno ndi mtedza wa alimi athu. Mayi amene mwana wake anatsitsimuka ndi timapaketi timeneti sangavomere kuti ndalama zonse zinathera ku Area 10.

Bungwe la Mary's Meals linayamba mu 2002 ndi ana 200 okha. Lero ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno amamwa phala lake kusukulu. Chipatala cha ana cha Baylor, pa Kamuzu Central, chakhala chikusamala ana omwe ali ndi HIV kuyambira mu 2006.

Zoti mabungwewa akachoka palibe angadziwe, tinaona tokha kuti n'zabodza mu Januwale 2025. Dziko la America litaimitsa thandizo lake, ogwira ntchito zaumoyo ambiri olipidwa ndi ndalamazo anauzidwa kuti ayambe akhala pakhomo, ndipo amene anakapeza pawindo palibe munthu ndi odwala osauka, osati mabwana.

Tisanyengane, ntchito ikadalipo: kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 yemwe uja anapeza ana 37 pa 100 alionse ali opinimbira. N'zochititsa manyazinso kuti dziko lomwe linalandira ufulu mu 1964 likudalirabe alendo pa phala la ana ake. Funso limenelo lipite ku Capital Hill ndi ku Nyumba ya Malamulo.

Mabungwewo lamulo limawakakamiza kupereka malipoti a chuma chawo ku NGORA, bungwe la boma lowayang'anira, chaka chilichonse. A NGORA, aikeni poyera malipotiwo kuti aliyense aone kuti pa kwacha iliyonse ndi zingati zafika kwa mwana. Bungwe lakuba litchulidwe dzina ndipo litsekedwe. Inu owerenga, musanautumize uthenga uja kwa ena, yambani mwafunsa mlangizi wa zaumoyo wa kwanu kuti chiponde cha kusikelo amagula ndani.