MUST ili ku Thyolo, nanga atsikana a ku Thyolo ali kuti?

Asisi, tiyeni tikambe za Thyolo. Chiyambire 2014, yunivesite ya MUST ili pa Ndata, m'boma lomwelo momwe amayi amalawirira ndi dengu kumsana kukathyola tiyi ku Satemwa, Conforzi ndi Makandi. Timanyadira Pulofesa Address Malata, mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'Malawi muno. Koma chitukuko si nyumba zosanja zokha ayi.

Tiyi wathu wambiri amapita kunja m'matumba akuluakulu. Ndalama zenizeni amadya ndi omwe amakamusakaniza n'kumuika m'mapaketi. Ife timangotsala ndi msana wopweteka basi. Sayansi ya pa Ndata ithandize pamenepa.

Tikupempha zitatu. Mabasale apadera a ana aakazi a othyola tiyi. Maphunziro afupiafupi, m'Chichewa, oti amayi olima tiyi m'minda ing'onoing'ono adziwe kukonza ndi kupakira okha. Komanso ndiwo ndi zipatso zodyetsa ophunzira zizigulidwa kwa magulu a amayi ozungulira sukuluyi.

Mwana wa mayi wothyola tiyi asamangoonera geti la MUST pawindo la minibasi. Alowe, adzatuluke ali injiniya wa fakitale yomwe amayi ake amangoperekako masamba.

Mukuti bwanji, asisi?