Filimu ya tizilombo tiiseka, nanga madzi athu?

Ena amene anaonerera filimu ya The Bay ya mu 2012 amati ataitsiriza, madzi a pampopi sanamweke. M'filimuyo zitosi za nkhuku zitayidwa m'madzi a Chesapeake ku America, tizilombo tikula ndi kuyamba kudya anthu m'kati, koma meya akhala cete kuopa kuononga malonda. Ena amangoseka, ati ndi bodza la azungu. Zoona, kacilomboko kaliko, koma kamadya lilime la nsomba, osati la munthu.

Koma ife a mu Lusaka tiseka ciani? Mzinda uno unamangidwa pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, motero zocokera m'zimbudzi sizicedwa kufika ku madzi a pansi. Mu 2018 asilikali anacotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni cifukwa ca kolera. Mu Januwale 2024 odwala anagonekedwa mu National Heroes Stadium, ana osapita kusukulu.

Tizolowera kuloza cala Kanyama. Nanga ku Kabulonga, Woodlands ndi Chelstone, kumene nyumba zina zili ndi borehole ndi septic tank pabwalo limodzi? Tipempha a khonsolo apime madzi amenewa, ndipo zimene apeze atiuze poyera.