Wodulidwa Chifu ndi Mbale ya m'Lesitilanti

M'chaka cha 2012 makhansala a mzinda wa Campinas, m'dziko la Brazil, adakhazikitsa lamulo lokakamiza eni malesitilanti kuti munthu amene adachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu azimpatsa theka la mbale, apo ayi azimchotsera theka la mtengo wa chakudya. Kuti alandire mwayi umenewu munthuyo ankayenera kuonetsa kalata ya dokotala. M'chaka cha 2016 boma la chigawo chonse cha São Paulo lidakhazikitsanso lamulo lofanana nalo. Eni malesitilanti adakamang'ala kukhoti, ndipo malamulo angapo a mtundu umenewu adagwa, oweruza ataona kuti akulowerera malonda a munthu mopitirira malire. Nkhaniyi ingathe kuoneka ngati ya anthu okhuta a kutsidya kwa nyanja, komatu m'kati mwake muli funso loyenera kulilingalira mofatsa: kodi munthu amene thupi lake silingalandire chakudya chambiri ayenera kuyamba waulula za matenda ake kwa woperekera zakudya kuti agule mbale yomuyenera?

Poyamba nkofunika kumvetsa chimene madokotala amachita pa opaleshoniyi. Chifu cha munthu wamkulu chikadzaza chimalandira chakudya ndi madzi okwana lita imodzi kapena kupitirirapo. M'chaka cha 1966 Dr Edward Mason wa pa University of Iowa, ku America, adayamba opaleshoni yotchedwa gastric bypass. M'mene imachitikira masiku ano, dokotala amapatula kachigawo ka pamwamba pa chifu nkukasandutsa kathumba kolandira mamililita pafupifupi 30, kosaposa dzira la nkhuku, kenaka nkukalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho. Opaleshoni ina, imene yafala kwambiri m'zaka zapitazi, ndi sleeve gastrectomy. Pa imeneyi amachotseratu magawo pafupifupi 80 mwa magawo 100 a chifu, ndipo chotsalacho chimakhala chowonda ndi chachitali ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imenenso imapanga kwambiri homoni yotchedwa ghrelin, yomwe imauza ubongo kuti munthu ali ndi njala, ndipo nchifukwa chake ambiri akachitidwa opaleshoniyi chilakolako cha chakudya chimachepa.

Opaleshoni yotere sapangira aliyense wofuna kuoneka bwino. Madokotala amayeza kunenepa potenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu nkugawa ndi msinkhu wake m'mamita, msinkhuwo atauchulukitsa ndi iwo wokha. Chotuluka pamenepo amachitcha BMI. Mwachitsanzo, munthu wotalika mamita 1.7 amene akulemera makilogalamu 116 ali ndi BMI ya 40. M'chaka cha 1991 akatswiri a zaumoyo ku America adagwirizana kuti opaleshoni ndi yoyenera munthu wa BMI ya 40, kapena ya 35 ngati alinso ndi matenda monga a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. M'chaka cha 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi adatsitsa malirewo kufika pa 35, ndiponso pa 30 kwa odwala matenda a shuga ndi ena ofanana nawo. Bungwe la World Health Organization lidanena kuti m'chaka chomwecho cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali wonenepa mopitirira muyeso. Tsono amene amagona pa tebulo la dokotala ndi wodwala, ndipo kawirikawiri amakhala atayesa njira zina kwa zaka zambiri osaphula kanthu.

Akatuluka m'chipatala, kudya kumasanduka sukulu yatsopano. Masabata oyambirira amangomwa zamadzimadzi, kenaka zopota ngati phala, kenaka zofewa, mpaka patapita mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri ndi pamene amabwerera ku chakudya cholimba. Ngakhale atachira, ambiri amakhuta ndi chakudya chongodzaza kapu imodzi ya tiyi. M'kapu imeneyo muyenera kulowa zomanga thupi zokwanira, pakuti amalangizidwa kupeza magalamu 60 kufikira 80 a mapuloteni pa tsiku. Ndiye nyama, nsomba, mazira kapena nyemba zimayamba, zokhutitsa zimadza pambuyo ngati malo atsala. Amatafuna kwambiri, amadya mosafulumira, ndipo saloledwa kumwa madzi pakudya mpaka patapita mphindi 30. Akapyola muyeso ndi masipuni ochepa chabe amamva kupweteka pachifuwa ndipo amatha kusanza. Akadya zotsekemera kapena zamafuta, makamaka wa gastric bypass, chakudya chimathamangira m'matumbo chisanakonzeke, ndipo munthu amatuluka thukuta, mtima umagunda mofulumira, amachita chizungulire ndi kutsegula m'mimba. Vutoli madokotala amalitcha dumping syndrome. Pamwamba pa zonsezi amamwa mavitamini, makamaka B12, pamodzi ndi ayironi ndi kashiamu, moyo wake wonse.

Munthu wotereyu akalowa m'lesitilanti amakumana ndi mbale imene yakhala ikukula kwa zaka makumi asanu. M'chaka cha 2002 Lisa Young ndi Marion Nestle a pa New York University adaonetsa kuti milingo ya zakudya zogulitsa ku America idayamba kukula m'zaka za m'ma 1970, ndipo idakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Botolo lakale la Coca-Cola linali la mamililita 192 okha, pamene lero botolo la theka la lita limayesedwa la munthu mmodzi. Kampani ya McDonald's idafika pogulitsa milingo yotchedwa Supersize, imene idaisiya m'chaka cha 2004. Chifukwa cha kukulaku nchosavuta kuchiona. Kuonjezera mbatata kapena mpunga m'mbale kumadya ndalama zochepa, koma kumapatsa wogula maganizo akuti wapindula, ndipo amalipira mtengo wokwera mosadandaula. Wodulidwa chifu ndiye amaluza pa malonda otere, poti amalipira mbale yonse nkudya gawo limodzi mwa magawo anayi.

Pofuna kuthandiza, zipatala zambiri ku America ndi ku Britain zimapatsa odwala awo kakhadi kopempha eni malesitilanti kuti amlole mwini khadiyo kugula theka la mbale kapena chakudya cha ana. Kakhadika ndi pempho chabe, kalibe mphamvu ya lamulo, ndipo mwini lesitilanti akhoza kukana. Ngakhale avomere, chakudya cha ana kawirikawiri chimakhala tchipisi, nkhuku yokazinga m'mafuta ambiri ndi zakumwa zotsekemera, zomwezo zimene dokotala adaletsa. Ena amaitanitsa kambale koyambira kokha, ena amagawana mbale ndi mnzawo, ena amapempha kuti zotsala aziike m'kabokosi akadyere kunyumba. Ku France, kuyambira pa 1 July 2021, lamulo limakakamiza malesitilanti kupereka chotengera kwa wogula aliyense wofuna kutenga zotsala zake. Njira zonsezi zimathandiza, koma zimasiya wodwala ali wopempha, woyembekeza chisomo cha amene wamupeza pa ntchito tsiku limenelo.

Nawonso eni malesitilanti ali ndi mfundo yofunika kuimva, ndipo kuinyalanyaza ndi kumene kudagwetsa malamulo a ku Brazil. Pa mtengo wa mbale, chakudya chenichenicho chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo zimapita ku lendi, malipiro a ophika ndi operekera, magetsi, madzi, misonkho ndi phindu. Zimenezi sizichepa chifukwa choti mlendo wadya pang'ono, pakuti wakhala pa mpando womwewo, waphikiridwa pa moto womwewo, ndipo mbale yake idzatsukidwa monga zina zonse. Mwana wa sukulu angathe kuwerengera yekha. Ngati mbale ikugulitsidwa pa 90, ndipo chakudya chake chidagulidwa pa 30, kuchepetsa chakudyacho ndi theka kumapulumutsa 15 yokha. Mtengo wachilungamo wa theka la mbale uli pafupi ndi 75, ndipo womkakamiza mwini malo kugulitsa pa 45 akumuuza kuti alipirire mlendo 30 kuchokera m'thumba mwake. Wogula amene amayembekeza theka la mtengo pa theka la mbale sadaone masamu amenewa.

Komabe chilema chachikulu cha lamulo la ku Campinas chinali kalata ya dokotala ija. Za m'mimba mwa munthu ndi zake ndi dokotala wake. Kumuuza kuti atulutse chikalata pamaso pa woperekera zakudya, pali abwana ake, apongozi ake kapena bwenzi limene angodziwana nalo kumene, ndi kumgulitsa mbale pa mtengo wa ulemu wake. Ambiri amene adachitidwa opaleshoniyi adakhala zaka akusekedwa chifukwa cha kunenepa, ndipo atawonda amanenedwanso kuti adasankha njira yachidule. Munthu wotere angalole kulipira mbale yonse nkuisiya kusiyana ndi kuyambitsa nkhani imeneyi pa tebulo. Chinanso nchakuti lamulo lotere limasankha gulu limodzi nkuiwala ena onse amene sangathe kudya zambiri: nkhalamba, amene adachotsedwa chifu chifukwa cha khansa, amene akulandira mankhwala amphamvu ochotsa chilakolako cha chakudya, odwala matenda a shuga amene amayeza chakudya chawo, ndi amayi oyembekezera amene akuvutika ndi mseru. Onsewa alibe khadi, koma vuto lawo ndi lomwelo.

Chodabwitsa nchakuti yankho linalipo kale ku Brazil komweko. M'mizinda ya dzikolo muli malesitilanti ambirimbiri ogulitsa chakudya pa kilogalamu. Wogula amadzipakulira yekha, amaika mbale pa sikelo, nkulipira molingana ndi kulemera kwake. Wodya magalamu 150 amalipira za magalamu 150, ndipo palibe womufunsa chifukwa. Ngakhale ku Malawi nzeru imeneyi si yachilendo. Pa chiwaya wogula amatchula ndalama imene ali nayo, wokazinga tchipisi nkumuyezera zolingana ndi ndalamayo. Pa msika tomato ndi usipa zimagulitsidwa pa milu, waung'ono ndi waukulu, uliwonse ndi mtengo wake. Mayi wogulitsa usipa safunsa kalata ya ku chipatala kwa wogula mulu waung'ono. Chimene malonda a pa msewu adachidziwa kalekale, nyumba zodyera za matebulo oyalidwa nsalu zoyera zingathe kuchiphunzira.

Choyenera kuchitika tsono ndi ichi: mbale yaing'ono ilembedwe pa mndandanda wa zakudya, pambali pa yaikulu, ndi mtengo wake woonekera, ndipo ikhale ya aliyense woifuna. Mtengowo ukhale wachilungamo kwa onse awiri, wotsika ndithu koma wosapha malonda. Ikhale ya chakudya cha akulu, nyama kapena nsomba ndi ndiwo zamasamba, osati tchipisi cha ana. Mwini malo sadzaluzapo kanthu. Wodulidwa chifu sabwera yekha. Amadza ndi banja kapena anzake a kuntchito, ndipo kawirikawiri gulu lonse limapita kumene mnzawo wovutika kudya angalandiridwe bwino. Kuonjezera apo, zotayidwa zimachepa. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo magawo 28 mwa magawo 100 a chakudya chimenecho adatayidwa m'malo ogulitsira zakudya zophikaphika. Chakudya chobwerera ku khitchini chidagulidwa, chidaphikidwa, ndipo kuchitaya kumadyanso ndalama.

Wogula nayenso ali ndi mbali yake. Apemphe mwaulemu ndi momveka kuti akufuna mbale yaing'ono, popanda kufotokoza zambiri. Akauzidwa mtengo woposa theka asayese kuti akumbera. Pa malo amene munthu amalipira kamodzi nkudya mpaka kukhuta, adziwe kuti malondawo adawakonzera odya kwambiri, ndipo nkwanzeru kusankha malo ena kusiyana ndi kukangana pa khomo.

Nkhani imeneyi ikukhudza anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu, pakuti ambiri a iwo adzapeza ntchito yoperekera zakudya m'mahotela a ku Lilongwe, Blantyre ndi m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo ena ali kale m'malesitilanti a ku Johannesburg ndi Cape Town. Adakulira m'mwambo wabwino wakuti mlendo apakuliridwe zambiri, ndipo akasiya nsima mwini nyumba amada nkhawa kuti mwina ndiwo sizidakome. Mwambowu ndi wa chikondi, koma pa ntchito uyenera kuyenda ndi nzeru. Mlendo akapempha theka la mbale, woperekera wophunzitsidwa bwino amayankha kuti, "Chabwino bambo, ndikubweretserani," osafunsa ngati akudwala, osaseka, ndiponso osapita kukanong'oneza anzake ku khitchini. Akasiya chakudya, amamfunsa kamodzi kokha ngati angakonde kutenga chotsalacho. Aphunzitsi a maphunziro a zapakhomo ndi a zasayansi angathe kuphunzitsa zimenezi pamodzi ndi phunziro la kagayidwe ka chakudya, kuti ana adziwe kuti kukhuta kwa munthu wina sikuyezedwa ndi mimba ya mnzake. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wamphamvu amene lero amatsiriza mitanda itatu ya nsima adzakalamba, kapena adzadwala, ndipo tsiku limenelo adzafuna kupeza mbale yaing'ono italembedwa kale pa mndandanda, kuti angoiloza ndi chala nkudya mwamtendere.