Mau a Cipembedzo: Kudziwa Amene Apemphedwa

Akhristu ambiri akagwada amayamba ndi zosowa zao: mvula, nchito, matenda a mwana. Mvula ikacedwa, cikhulupiriro cao cimafota pamodzi ndi cimanga.

Mose sanatero. Pa phiri la Sinai (Eksodo 34) Mulungu anamdziwitsa makhalidwe ake: cifundo, kuleza mtima, kukhulupirika ndi cilungamo. Mose anasunga zimenezi mumtima. Pamene Aisraeli anapanduka nakana kulowa m'Kanani (Numeri 14), iye sanachule zabwino za anthuwo. Anacondelera potsamira pa cifundo comweco, ndipo mtunduwo sunafafanizidwe.

Ndico cifukwa cake Mkhristu wanzeru amayamba wasinkhasinkha khalidwe limodzi la Mulungu asanapemphe kanthu. Yankho likacedwa, mtima wake sugwedezeka, pakuti amdziwa amene wamva pemphero lake.