Raketi ya katswiri si ya munthu wongoyamba kumene

Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 2 kuno kwa Ngokwe, anasunga ndalama za ganyu yokolola mpunga kudambo la nyanja ya Chiuta kuti agule raketi ya badminton. Anandipeza foni ili m'manja: "Amalume, ine ndikufuna ngati ya Viktor Axelsen." Ameneyu ndi katswiri wa ku Denmark, anapata golide pa Olimpiki ya ku Tokyo, kenako ya ku Paris mu 2024. Ndinamukaniza. Nanunso ongoyamba kumenenu ndikukuuzani zomwezo: raketi ya katswiri ingokupwetekani mkono, ndalama n'kupita pachabe.

Chifukwa chake munaphunzira kale mu Physics, pa mutu wa moments. Tengani khasu, muligwire kumapeto kwa mpini, muliyendetse uku ndi uku. Kenako ligwireni pafupi ndi chitsulo. Khasu ndi lomwelo, koma poyamba paja dzanja linatopa msanga, eti? Katundu akatalikira dzanja, pamafunika mphamvu zambiri kuti mumutembenuze. Raketi yolemera kumutu imamenya mwamphamvu, inde, koma imafuna mkono wozolowera. Musanagule, igonekeni pachala mpaka itakhazikika osapendekera mbali, ndiye muyeze ndi rula kuchokera kumapeto kwa chogwirira. Mukapeza pakati pa 285 ndi 295 mm, kulemera kwake kwagawika bwino. Yanu ndi imeneyo.

Onaninso chilembo U. 3U imalemera magalamu 85 mpaka 89, pamene 4U ndi 80 mpaka 84. Magalamu asanu angaoneke ochepa, koma mukamenya kambirimbiri pamasewero amodzi, phewa limadziwa. Yambani ndi 4U.

Nkhani yaikulu ili pa zingwe. Ambiri amaganiza kuti zingwe zokungika kwambiri ndiye zamphamvu. Ganizirani mphira wa legeni: umatamuka kaye, kenako n'kubweza mphamvu ija kumwala. Zingwe zofewerapo, zokungidwa pa mapaundi 18 mpaka 22, zimachita chimodzimodzi ndi shuttlecock, ndipo malo omenyera bwino amakhala aakulu. Akatswiri amakunga kufika 28 kapena kuposa chifukwa akufuna kulunjika, ndipo saphonya pakati. Inu mukaphonya, shuttlecock imagwera pafupi, kunjenjemera konse n'kuthera m'chigongono. Komanso zingwe zokungika zimaduka msanga. Zikaduka, makina okungira muwapeza kuti kumudzi kuno?

Wina anena kuti, "Nanga si zotchipa zimathyoka msanga?" Zoona ndithu, zina n'zosalimba. Raketi ya aluminiyamu, yokhala ndi cholumikizira chooneka ngati T pakhosi, imalemererapo kuposa ya graphite, ndipo ikagunda pansi imapindika. Ngati thumba likulola, gulani ya graphite ya mtengo wapakati. Koma musatengeke ndi dzina lolembedwa pa raketi, pakuti zachinyengo ziliponso. Khulupirirani chala chanu ndi rula.

Mphwanga uja anang'ung'udza sabata yathunthu, koma anagula ya 4U. Ndalama zotsala anagulira mashuttlecock apulasitiki, chifukwa a nthenga 16 aja sachedwa kunyonyoka. Lamulo ndinamupatsa limodzi basi: asaisiye padzuwa la mu Okutobala, kutentha kumafooketsa zingwe. Ya Axelsen adzagula mkono ukadzakhwima.