Ana akachotsedwa mumpikisano, auzidwe chomwe alakwa

Wogonja pampikisano amabwerera kwawo akudziwa kuti anzake amuposa. Koma wochotsedwa amatsala ndi funso lakuti walakwa chiyani, chifukwa majaji sadayese n'komwe ntchito yake. Izi n'zimene zimagwera ophunzira ena pamipikisano yokonza masamba a pa intaneti, ndipo momwe anawo amayankhira n'zofunika kuti makolo ndi aphunzitsi aziganizire mofatsa.

Mipikisano yotereyi si yachilendo. Wotchuka kwambiri udali wa ThinkQuest, womwe Allan Weis adauyambitsa ku America mu 1996. Kampani ya Oracle idautenga mu 2002 ndipo udatha mu 2013. Ana a zaka 9 mpaka 19 ankapanga timagulu, mphunzitsi akuwayang'anira, n'kukonza webusayiti yophunzitsa anzawo phunziro lomwe asankha. Lamulo limodzi lidali lokhwima: wokopera ntchito ya mwini ngati yake ankachotsedwa.

Lero phunziro la kompyuta lili pa mayeso a MSCE, ndiye ana a m'matauni ang'onoang'ono nawonso akukonza masamba awo. Kholo lomwe lagula mabandulo ndi kulipira potchajitsira foni kwa miyezi ingapo limamva kuwawa mwana akabwera ndi uthenga wakuti gulu lake lachotsedwa.

Ana ena amathamangira pa Facebook ndi pa WhatsApp kukalalata kuti majaji ndi okondera. Ena amangokhala chete, n'kudana ndi kompyuta mpaka kalekale. Koma alipo ena omwe amakhala pansi ndi mphunzitsi wawo n'kulembera okonza mpikisano kalata yaulemu yofunsa lamulo lomwe laphwanyidwa, tsamba lomwe pali vutolo, komanso ngati pali mwayi wochita apilo. Omalizawa ndiwo ayenera kulimbikitsidwa.

Akuluakulu ena amaona ngati mwana wofunsa chigamulo cha akulu ndi wopanda mwambo. Koma paja safunsa adadya phula. Mwana yemwe sadauzidwe kuti chithunzi chomwe adachitola pa Google chili ndi mwini wake adzabwerezanso zomwezo chaka chamawa. Ndipo majaji ndi anthu, nawonso amaphonya. Okonza mpikisano akangolemba mawu awiri akuti "gulu lachotsedwa", asakudziwa kuti ataya phunziro lomwe adakonzera mpikisanowo.

Komabe kufunsa kumafuna umboni. Gulu lanzeru limasunga zolemba zoyamba, zithunzi zomwe lidajambula lokha ndi masiku ake, komanso mndandanda wa komwe lidatenga mfundo iliyonse. Zithunzi zambiri za pa Wikimedia Commons zimaloledwa kugwiritsidwa ntchito ulere, bola kutsata zomwe mwini wake adafuna, monga kumutchula dzina. Kuyambira mu 2022, pomwe ChatGPT idatuluka, makina akutha kulemba nkhani ngakhale kukonza tsamba lonse m'kanthawi kochepa, choncho gulu lizifunsiratu ngati malamulo akulola zimenezi.

Nanga zikapezeka kuti anawo adakoperadi? Pamenepo chilango chikhale, ndipo makolo asaikire mwana kumbuyo. Kulekerera gulu lokopera n'kubera gulu lija lomwe lidayenda wapansi kukajambula msika wakwawo ndi kucheza ndi agogo za mbiri ya mudzi. M'dziko muno anthu akukumbukira za mu 2020, pomwe mayeso a MSCE adaimitsidwa atabedwa, ndipo ngakhale ana osalakwa adalembanso mu Januwale 2021. Chinyengo cha ochepa chimapweteketsa ambiri.

Kukopera si nkhani ya mpikisano wokha. Lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016, lomwe bungwe la Cosoma limayang'anira, limateteza nyimbo, zolemba ndi zithunzi. Ndi bwino mwana aphunzire zimenezi ali Fomu 3 potaya mphotho, kusiyana n'kudzaziphunzira ali pantchito potaya ndalama kukhoti.

Aphunzitsi nawonso asadzichotsemo. Mphunzitsi yemwe adasaina fomu yolowera mumpikisano asadawerenge malamulo pamodzi ndi ana ake ali ndi gawo lake pamlanduwo, ndipo iyeyo ndiye atsogolere polemba kalata yofunsa.

Chomaliza, webusayiti siifa chifukwa chakuti majaji aikana. Ana achotse zomwe si zawo, aikemo zawozawo, kenako aonetse ahedi, makolo ngakhale eni magolosale omwe akufuna kutsatsa malonda awo. Luso lomwe aphunzira palibe angawalande. Makolo amene mwana wawo wachotsedwa ayambe ndi kumufunsa kuti: "Kodi akupatsani chifukwa chanji?" Ngati palibe chifukwa chomwe chaperekedwa, kalata ilembedwe sabata yomweyo.