Magemu Odikira Munthu ndi Magemu Omusaka

Olemba za masewera a pa kompyuta ndi pa foni akamatchula magemu opambana a mtundu wa turn-based RPG, amaika Dragon Quest XI, Baldur's Gate 3 ndi Honkai: Star Rail m'dengu limodzi ngati ana a mimba imodzi. Ana athu amamva zimenezi n'kukhulupirira. Makolo nawo, atatopa ndi phokoso la mafoni m'nyumba, amatemberera magemu onse mosasankha. Mbali zonse ziwiri zikulakwitsa chinthu chimodzi: sizikusiyanitsa gemu imene imadikira munthu ndi gemu imene imamusaka. Ndipo chifukwa cha kusasiyanitsako, mwana akutaya ndalama ndi tulo pa gemu imene kholo lake likuiona ngati katuni wamba.

Kwa amene sanagwirepo masewerawa, nkhani yake ili motere. Wosewera amatenga mbali ya munthu wa m'nthano, nayenda ndi kagulu ka anzake m'dziko lopeka. Akakumana ndi adani, nkhondo yake imamenyedwa mopatsana mpata. Iye amasankha chochita: kukantha, kudziteteza, kuchiza mnzake wovulala kapena kuthawa. Kenako mdani amayankha, mpata n'kubwereranso kwa iye. Akapanda kusankha, palibe chimene chimasuntha. Aliyense amene anakhalapo pambali pa bawo pansi pa mtengo wa mango akudziwa kale mzimu wa masewerawa. Maenje 32, njere 64, ndipo mkulu wosewera amayang'ana thabwa mwakachetechete, kuwerengera mumtima kumene dzanja lake likathere asanatole njere ngakhale imodzi. Palibe amene amati mkuluyo ndi waulesi chifukwa wachedwa.

Muzu wa masewerawa ndi Dungeons & Dragons, masewera a pa tebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Wizardry ndi Ultima, zimene zinatuluka mu 1981, zinawatchukitsa pa kompyuta. Ku Japan, Yuji Horii anaphunzira pa ziwirizi, nazifewetsa kuti ngakhale mwana wa pulayimale azikwanitse, ndipo mu 1986 kunabadwa Dragon Quest, yokhala ndi zojambula za malemu Akira Toriyama. Chaka chotsatira kampani ya Square inatulutsa Final Fantasy. Kuyambira pamenepo anthu akhala akulosera kuti mtundu umenewu ukufa, kuti achinyamata a lero akufuna zala zothamanga. Kampani ya Square Enix yomwe inagwa m'maganizo amenewa, mwakuti Final Fantasy XVI ya 2023 inataya kupatsana mpata konse. Chaka chomwecho Baldur's Gate 3, gemu yopatsana mpata kuyambira poyamba mpaka pomaliza, inalandira mphotho ya gemu ya chaka ku The Game Awards. Mu 2025 Clair Obscur: Expedition 33, yopangidwa ndi kampani yaing'ono ya Sandfall Interactive ya mumzinda wa Montpellier ku France, inagulidwa makope 3.3 miliyoni m'masiku 33. Maliro amene ankalengezedwa aja alibe mtembo.

Ndikafunsidwa kuti opambana ndi ati, ndimayamba ndi Dragon Quest XI ya 2017. Ilibe chachilendo chodabwitsa, ndipo pamenepo ndi pamene pali ubwino wake. Imaphunzitsa mwana kusunga mankhwala a ulendo wautali, kudziwa kuti wochiza akagwa gulu lonse lagwa, ndiponso kubwerera m'mbuyo pamene mphamvu sizikukwana. Ili ndi zilema zake zimene kholo liyenera kudziwa. M'mizinda ina ya m'gemumo muli nyumba za juga, ngakhale kuti ndalama zake n'zongopeka, ndipo zovala za anthu ena a m'nthanoyo sizoyenera maso a mwana. Koma umailipira kamodzi, nthano yake ili ndi mathero, ndipo ukaizimitsa siikutumizira uthenga wokuitana.

Final Fantasy X ya 2001 inachita chinthu chimene ndimachilemekeza monga mphunzitsi: inaonetsa pambali pa sikirini ndondomeko ya amene adzalandire mpata, mmodzi ndi mmodzi, ndiponso momwe ndondomekoyo isinthire ukasankha chochita chochedwetsa kapena chofulumira. Wosewera amaona zotsatira za chisankho chake asanachichite. Nthano yake ikukhudza atsogoleri a chipembedzo chopeka amene amanamiza anthu awo, choncho ndi gemu yofunika kuti wamkulu akhale pafupi, akambirane ndi mwana zimene akuona.

Fire Emblem, imene inayamba mu 1990, ndi yowawa kwambiri. Msilikali wako akaphedwa chifukwa unamuimika pamalo olakwika, sabwereranso, pokhapokha utasankha kasewedwe kofewa. Mu Fire Emblem: Three Houses ya 2019 wosewera ndi mphunzitsi, ndipo asilikaliwo ndi ophunzira ake amene wawaphunzitsa yekha sabata ndi sabata. Aphunzitsi anzanga amvetsa chifukwa chake munthu amatha mphindi khumi akuyang'ana bwalo la nkhondo asanasunthe mwana mmodzi.

Baldur's Gate 3, ya kampani ya Larian Studios ya ku Ghent m'dziko la Belgium, ndi yakuya koposa onsewa pa ufulu wosankha. Nkhondo yambiri ungaipewe ndi lilime, ndipo chimene wanena lero chimakupeza patsogolo. Koma ndinene mosabisa kuti si ya ana. Ku Ulaya inaikidwa m'gulu la azaka 18, muli umaliseche ndi nkhanza, ndipo wamkulu woopa Allah adzapezamo zambiri zoti alambalale. Expedition 33 nayo ndi ya akuluakulu. Nthano yake ya mayi wojambula amene chaka chilichonse amalemba nambala, onse a msinkhu umenewo n'kufafanizika, imagwira mtima. Chimene sindikondwera nacho n'chakuti mdani akamakantha umayenera kudina batani pa kamphindi koyenera kuti uzinde nkhonyayo. Pamenepo zala zayamba kulanda ufumu wa mutu.

Magemu onsewa, ndi zilema zawozo, ali ndi khalidwe limodzi. Adhana ikamveka pakati pa nkhondo, ukhoza kuika pansi chogwirira, kupita kukaswali, n'kubwera kudzapeza mdani ataima pomwe unamusiya. Mwana wosewera mpira wa pa intaneti kapena gemu yowomberana ndi anzake sangatero popanda kugonja, n'chifukwa chake amayankha mayi ake kuti "ndikubwera" kasanu. Sindikunena kuti gemu yodikira singadye nthawi ya munthu. Dragon Quest III itatuluka Lachitatu pa 10 Febuluwale 1988, ana ambiri ku Japan anajomba kusukulu kukaima pamzere, mpaka kampani ya Enix inayamba kutulutsa zigawo zotsatira kumapeto kwa sabata. Koma kuchedwa pa gemu yodikira ndi kufooka kwa wosewera, kumene kholo likhoza kukuwongola ndi wotchi. Kumene ndikupita tsopano, kufookako ndiye malonda ake.

Honkai: Star Rail inatuluka mu Epulo 2023 kuchokera ku kampani ya HoYoverse. Imapezeka pa foni, kuitsitsa n'kwaulere, ndipo kwa mwana wa kuno amene sadzaona PlayStation m'nyumba mwawo, iyi ndi anzake monga Fate/Grand Order ndi Raid: Shadow Legends ndiwo magemu opatsana mpata amene angawafikire. Nkhondo yake ndi yokonzedwa mwaluso, sindikana. Koma asilikali amphamvu sumawapeza poyenda m'nthano. Umawakoka pa maere otchedwa gacha, dzina lochokera ku timakina ta ku Japan timene umaponyamo khobidi n'kugwa kachidole kamene sunasankhe. Malinga ndi ziwerengero za kampaniyo, mwayi woyambira wopeza msilikali wa nyenyezi zisanu pa kukoka kumodzi ndi 0.6 peresenti, kutanthauza 6 pa 1,000. Ukalephera mpaka kukoka kwa nambala 90 amakupatsa mmodzi, koma pali theka la mwayi kuti akhale amene sumamufuna, ndiye kuti uyambirenso. Munthu watsoka akhoza kukoka maulendo 180. Akati agule kukoka konseko ndi ndalama, mtengo wake umapitirira madola 300 a ku America, pamene Baldur's Gate 3 yathunthu pa kompyuta ndi madola 60 ndipo Expedition 33 ndi madola 50. Ndipo kuti msilikali mmodziyo afike pa mphamvu zake zonse, uyenera kumupeza maulendo 7.

Achinyamata amandiyankha kuti iwo salipira, amangotolera miyala yaulere imene gemuyo imapereka. N'zoona kuti miyalayo ilipo. Koma taonani mmene imaperekedwera. Pali ntchito za tsiku ndi tsiku zimene ukaphonya mphotho yake yapita. Pali mphamvu yosewerera imene imadzadza imodzi pa mphindi 6 zilizonse, ndipo mwana amadzuka akuwerengera kuti isasefukire. Msilikali watsopano amaikidwa pa maere kwa masabata atatu okha, wotchi ikuoneka ikuwerengera chotsika. Nkhondo ya m'katimo imadikiradi mpata wako, koma gemu yonseyo siidikira munthu. Amene salipira ndi ndalama amalipira ndi chizolowezi, ndipo chizolowezicho ndicho chimakhwimitsa dzanja kuti tsiku lina, atatsala ndi kukoka 10 kuti afike pa 90 ndipo nthawi ikutha usiku womwewo, atenge foni ya mayi ake. Mwana amene waphunzira kumva kukoma kwa kuwala kwa golide pa sikirini ali ndi zaka 12 safunikanso womuphunzitsa kubetcha akadzafika zaka 18.

Apa nkhaniyi yalowa m'bwalo lathu. Ma ulama akale sanaone foni, koma funso la masewera analiganizira mozama. Shatranj, kholo la tchesi ya lero, inkaseweredwa ku Baghdad m'nthawi ya ma Abbasi, ndipo as-Suli anatchuka nayo m'zaka za m'ma 900. Ma imamu anasiyana maganizo pa za iyo. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsata, shatranj ndi makruh osati haramu, malinga pasakhale chikole cha ndalama, isachedwetse swala ndiponso isabweretse mawu onyansa. Nard, masewera oponya dayisi, analetsedwa mu hadith ya mu Sahih Muslim. Kuchokera pamenepa ma ulama a madhhab athu anasiyanitsa masewera otsamira pa kuwerengera ndi kuganiza ndi masewera otsamira pa mwayi. Amene amagwira mwamphamvu mawu oletsa dayisi ali ndi chifukwa chopewera Baldur's Gate 3, pakuti dayisi ya mbali 20 imagubuduzika poyera pa sikirini, ngakhale palibe khobidi limene limaikidwapo. Koma pa kugula kukoka kwa gacha sindikuona pobisalira. Wapereka ndalama yodziwika kuti ulandire chinthu chosadziwika, chimene maere ndiwo asankhe. Ogulitsa amati si juga chifukwa nthawi zonse umalandira kenakake ndipo sungasinthe msilikaliyo kukhala ndalama. Kenakake kameneko, pafupifupi nthawi zonse, ndi chida cha nyenyezi zitatu chimene wosewera aliyense amachiona ngati zinyalala. Malonda a mtundu wotere fiqh yathu imawatcha gharar, ndipo mtima umene amaudzutsa ndi womwewo wa maysir, imene Qur'an inaitchula pamodzi ndi mowa m'Surat al-Ma'ida, ndime 90.

Kwa akuluakulu anzanga amene akuti tingoletsa magemu onse, ndikuti njira imeneyo yatilepheretsa kale. Mwana woletsedwa zonse samasiya kusewera, amangosamukira pa foni pansi pa bulangeti, ndipo pa foni ndi pamene pali gacha. Kholo likanatenga mphindi zisanu n'kufunsa kuti asilikali a m'gemuyo amapezeka bwanji, n'kutsegula pamene palembedwa Warp kapena Summon, likanaona lokha maperesenti aja. Amalembedwa poyera, popeza dziko la China linalamula mu 2017 kuti makampani azionetsa mwayi wa maere awo.

Maboma osatsata Shari'a anafika pa chigamulo chofanana ndi chathu poyenda njira yawo. Japan, kwawo kwa gacha, inaletsa mu 2012 mtundu wina wotchedwa kompu gacha, umene unkakakamiza wosewera kusonkhanitsa zinthu zingapo za pa maere kuti apeze mphotho yaikulu. Mu Januwale 2025 kampani ya HoYoverse inavomera kulipira madola 20 miliyoni ku bungwe la Federal Trade Commission la ku America pa nkhani ya gemu yake ina, Genshin Impact, ndiponso kuleka kugulitsa maere kwa ana osakwana zaka 16 popanda chilolezo cha makolo. Ku Belgium, bungwe loyang'anira juga linagamula mu 2018 kuti mabokosi a maere ogulidwa ndi ndalama ndi juga. Nintendo inali ndi gemu ya pa foni yotchedwa Fire Emblem Heroes, yokhala ndi asilikali a m'banja lomwe lija la Fire Emblem, koma opezeka pa maere. Ikanatha kuchotsamo maerewo n'kusiya nkhondo yopatsana mpata. Inasankha kuchotsa gemu yonseyo m'dzikomo pa 27 Ogasiti 2019. Fire Emblem: Three Houses inali itatuluka mwezi umodzi m'mbuyomo, ndipo inapitiriza kugulitsidwa m'masitolo a ku Brussels popanda woiletsa.